Matenda a sickle cell: asayansi ayamba kuwachiza posintha DNA

Mwina m'kalasi mwanu muli mnzanu amene amajomba kawirikawiri chifukwa cha kuphwanya kwa mafupa, maso achikasu ndi kuchepa magazi. N'kutheka kuti ali ndi sickle cell. Si ufiti, ndipo simungatengere matendawa posewera naye kapena kudyera mbale imodzi. Munthu amabadwa nawo.

Gwero lake lili mu DNA, malangizo a m'maselo athu amene timatengera kwa makolo. Kachigawo kamodzi ka malangizowa kakasokonekera, hemogulobini, imene imanyamula mpweya m'magazi, imapangika molakwika. Maselo ofiira amauma n'kupindika ngati zenga, amatseka timitsempha, ndipo ululu umayambira pamenepo. Maselowa amafanso msanga, pa masiku 10 mpaka 20 m'malo mwa 120. Mwana amadwala pokhapokha atatengera kachigawoka kwa mayi ndi bambo omwe.

Anthu amene anatsegula njira

Emmanuelle Charpentier wa ku France ankafufuza bakiteriya woyambitsa zilonda zapakhosi. Chimene chinkamuchititsa chidwi ndi mmene bakiteriyayu amadzitetezera: amadula DNA ya mavairasi omuukira. Anagwirizana ndi Jennifer Doudna wa ku Berkeley, ku America, ndipo mu 2012 anasonyeza kuti chodulirachi, CRISPR-Cas9, munthu angachilondolere kuti chikadule DNA pamalo amene wasankha. Mu 2020 amayi awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Taonani, sanayambe ndi cholinga chochiza sickle cell. Ankangofuna kumvetsa kachilombo kosaoneka ndi maso, koma mafunso awo afika pothandiza odwala.

Mu 2019, Victoria Gray wa ku Mississippi anakhala wodwala sickle cell woyamba ku America kulandira chithandizo chogwiritsa ntchito CRISPR, ndipo ululu umene unkamugoneka m'chipatala unasiya. Britain inavomereza mankhwalawa, otchedwa Casgevy, mu November 2023, ndipo America inatsatira mu December, kwa odwala a zaka 12 kupita m'tsogolo.

Nzeru yake ndi iyi. Tonsefe tili m'mimba tinali ndi hemogulobini ya mtundu wina, imene sipinditsa maselo. Titabadwa, kachigawo ka DNA kotchedwa BCL11A kanaizimitsa. Madokotala amachotsa m'thupi la wodwala maselo opanga magazi, n'kudula pamene pamalamulira BCL11A, kenako n'kuwabwezeretsa. Thupi limayambiranso kupanga hemogulobini ya ukhanda ija.

Koma njirayi ndi yowawa. Maselo asanabwezeretsedwe, wodwala amalandira mankhwala amphamvu a khansa kuti maselo akale a m'mafupa afe. Tsitsi limathothoka, amakhala m'chipatala milungu ingapo, ndipo ena sadzaberekanso. Kusinthaku sikupita kwa ana ake, choncho akhozabe kuwapatsira kachigawo kosokonekera kaja. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi. Apa m'pamene mtima umawawa, chifukwa ana ambiri obadwa ndi sickle cell amabadwira kuno ku Africa, kumene chithandizochi sichinafike m'zipatala zathu.

Zimene zingatheke lero

Kayezetseni magazi kuti mudziwe mmene mulili musanalowe m'banja. Ngati nonse awiri muli ndi kachigawoka ngakhale simudwala, pa mimba iliyonse pali mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawa. Zipatala za Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre zimasamalira odwalawa.

Wodwala azigona m'neti usiku uliwonse, chifukwa malungo ndi oopsa kwambiri kwa iye. Azimwa madzi ambiri, azifunda kukazizira, alandire katemera yense, ndipo asadumphe mankhwala amene adokotala am'patsa, monga penicillin, folic acid kapena hydroxyurea. Thupi likatentha, akamapuma movutikira, akamva ululu pachifuwa, kapena mbali imodzi ya thupi ikafooka, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku.