Kuvulala popita kuntchito: chipukutamisozi sichibwera nthawi zonse

Anthu ambiri amakhulupirira kuti ukangotuluka pakhomo kupita kuntchito, ngozi iliyonse yapanjira imalipiridwa ngati yapantchito. Si choncho ayi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ena amazindikira ali kale m'chipatala.

Zimadalira malamulo a dziko. Ku United States, ngozi ya paulendo wamasiku onse wopita ndi kubwerera kuntchito nthawi zambiri salipira, pokhapokha ngati abwana anakutuma kwinakwake kapena unali m'galimoto yomwe kampani imanyamulira antchito. Ku Germany ndi ku France inshuwaransi imalipira, koma ukapatuka kukachita zako, chitetezocho chikhoza kuduka.

Pangano nambala 121 la 1964 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, limalamula mayiko olivomereza kufotokoza okha nthawi yomwe ngozi yapanjira ingawerengedwe ngati yapantchito.