Opaleshoni yokonzetsa mphuno kunja kwa dziko: vuto likayamba, musadikire yankho la pa foni

Pa Instagram, TikTok ndi Facebook padzaza zithunzi za mphuno ziwiriziwiri, yakale ndi yatsopano, ndipo m'munsi mwake amalemba kuti zonse zitheka sabata imodzi: ndege, hotela, galimoto yodzakutengani, opaleshoni, basi mwabwerera kwanu. Ambiri amalowera ku Istanbul m'dziko la Turkey, ena ku Seoul, Tehran, Bangkok kapena ku Mexico. Sitikuletsa munthu kukonzetsa mphuno yake, ndipo madokotala aluso aliko m'maiko onsewa. Chomwe chikutidetsa nkhawa ife azaumoyo ndi bodza loti aka n'kaopaleshoni kakang'ono. Bodza limeneli ndi lomwe likuchititsa anthu kukhala phee m'nyumba mphuno ikutupa, n'kumatumiza zithunzi pa WhatsApp kwa munthu amene ali kutsidya kwa nyanja.

Kukonzetsa mphuno, komwe madokotala amati rhinoplasty, ndi opaleshoni yeniyeni. Nthawi zambiri munthu amagonekedwa tulo ndi mankhwala kwa ola limodzi ndi theka mpaka maola atatu. Dokotala amang'amba mkati mwa mphuno, kapena pakamnofu ka pakati pa mabowo awiri aja, n'kupala kapena kuthyola fupa, kudula chicherewecherewe, mwinanso kuwonjezera china chochokera kukhutu kapena kunthiti. Kothandizira mphuno kuti isapindike amakachotsa pakatha pafupifupi sabata, mikwingwirima ya m'munsi mwa maso imatha pakapita masabata awiri, koma kutupa kwenikweni kumatenga mpaka chaka, makamaka kunsonga komanso kwa anthu a khungu lochindikala. Zovuta zake ndi zodziwika: kutaya magazi, bala kulowa tizilombo, kubanika popuma, kusamva fungo, chipsera chotukuka, mphuno kupindika. Wosuta fodya, wodwala shuga, BP kapena sickle cell ali pachiopsezo choposa anzake. Mu 2023 boma la Britain linachenjeza kuti nzika zake zoposa 25 zinali zitamwalira ku Turkey kuyambira mu Januwale 2019 zitachitidwa maopaleshoni osiyanasiyana.

Tsono mvetsetsani apa. Khoma lomwe limagawa mphuno pakati lili ndi chicherewecherewe, ndipo chimenechi chilibe mitsempha yakeyake ya magazi. Chimadya kudzera m'kakhungu kopyapyala kamene kamachikuta. Magazi akaunjikana pakati pa ziwirizi, chicherewecherewe chimasowa chakudya n'kuyamba kufa pamasiku ochepa chabe. Kunja simuona chachilendo, chithunzi chimaoneka bwinobwino. Inu mumangomva kuti mbali zonse ziwiri zatsekeka ndipo ululu ukukulirakulira m'malo mochepa. Dokotala amene wayang'ana mkati ndi tochi amachiona msanga, n'kuboola kuti magaziwo atuluke. Mukachedwa, pamasanduka mafinya, khoma limabooka kapena kusungunuka, msana wa mphuno n'kugwera mkati. Mphuno yomwe munkafuna kukongoletsa ija imafunika kumangidwanso ndi nthiti yanu. Ndiye tiuzeni, munthu wa pa WhatsApp uja ayang'ana bwanji mkati mwa mphuno yanu? Nthawi zambiri si dokotala n'komwe, ndi wothandiza makasitomala, ndipo yankho lake limakhala lomwe lija: zimatero, musadandaule, pitirizani kumwa mankhwala.

Pitani kuchipatala chomwe muli nacho pafupi tsiku lomwelo ngati thupi latentha kufika madigiri 38, ngati m'mphuno mukutuluka mafinya kapena fungo loipa, ngati magazi akukana kuleka, ngati khungu la kunsonga layamba kuda kapena kutuwa, ngati mukutuluka timadzi toyera mbee tosalekeza mbali imodzi. Mutu ukamawawa kwambiri, khosi n'kuuma, diso n'kutupa kapena kuyamba kuona zinthu ziwiriziwiri, musadikire kuti kuche. Mitsempha ya magazi ya pamphuno imalumikizana ndi ya m'kati mwa chigaza, choncho tizilombo tikhoza kufika kufupi ndi ubongo. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika zimapha. Chimodzimodzi amene anaikidwa thonje m'mphuno n'kuyamba kutentha thupi, kusanza, chizungulire ndi zidzolo: ameneyo ndi wothamanga naye.

Ndege nayo ili ndi zake. Bungwe loona za matenda la CDC la ku America limalangiza kuti wochitidwa opaleshoni yokongoletsa nkhope kapena mphuno adikire masiku 7 mpaka 10 asanakwere ndege. Mpweya wa m'ndege ndi wouma ndipo mphamvu yake imasinthasintha, zomwe zingawonjezere kutupa kapena kuyambitsa kamfuno muli m'mwamba komwe kulibe dokotala. Kukhala pampando maola ambiri mutangochitidwa opaleshoni kumachititsanso kuti magazi aundane m'mwendo. Katumba akatupa n'kumapweteka mbali imodzi, n'kutheka kuti magazi aundana m'mwendomo, ndipo mukayamba kubanika ndi kumva kubaya pachifuwa, n'kutheka kuti magazi oundanawo afika m'mapapo. Apanso si nkhani yolemba uthenga pa foni.

Tikudziwa chimene chimakuchedwetsani. Ena ananyamuka mwakachetechete, achibale akudziwa kuti apita kutchuthi. Ena akuopa kuti namwino awaseka, ati mwadziputira nokha. Enanso akuganiza kuti popeza analipira kale uko, vuto likakonzedwe komweko, ndiye akusonkhanitsa ndalama za tikiti mafinya akuchuluka. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Manyazi a tsiku limodzi pamaso pa namwino ndi opepuka kuyerekeza ndi miyezi ya m'chipatala. Ndipo mukafika musabise. Musanene kuti munagwa kapena kuti ndi chimfine. Nenani dziko lomwe munapita, tsiku la opaleshoni, ndiponso ngati anaikamo silikoni. Izi zimasintha mankhwala amene dokotala angasankhe, chifukwa tizilombo ta m'zipatala zina sitimva mankhwala wamba. Palinso mabakiteriya ena, monga Mycobacterium abscessus omwe anapezeka mwa anthu ochokera kokakongoletsa thupi ku Dominican Republic, amene amayamba kuonekera patadutsa masabata kapena miyezi, munthu ataiwala kale za ulendo. Kapuphu kosapola pabala si kofinya ndi zala, kapena komwera mankhwala otsala a mnzanu.

Kwa inu amene simunapite: kaonaneni ndi dokotala wanu masabata 4 mpaka 6 ulendo usanafike. Funsani dzina la dokotala amene adzagwire mpeni, mufufuze ngati ndi wovomerezeka m'dziko lakelo, ndipo mulankhule naye mwini wake musanalipire. Funsani ngati pamalopo pali chipinda cha odwala mwakayakaya, komanso kuti adzalipire ndani zinthu zikalakwika, popeza inshulansi wamba ya paulendo sikhudza opaleshoni yomwe mwachita kukonzekera. Dziwaninso kuti mphuno ndi imodzi mwa maopaleshoni okongoletsa omwe amabwerezedwa kawirikawiri, ndipo kubwereza kumadikira pafupifupi chaka. Amene akukukakamizani kulipira lero kuti mtengo ungakwere, msiyeni.

Chachikulu pa zonsezi, pezani dokotala wa kwanu amene wavomera kudzakuonani mukabwerako, ndipo mugwirizane tsiku musananyamuke. Potuluka m'chipatala cha kunjako musachoke chimanjamanja: tengani lipoti la opaleshoni, maina a mankhwala onse omwe anakupatsani ndi dzina la chilichonse chomwe anaika m'mphuno, zolembedwa m'chilankhulo chomwe dokotala wanu angawerenge. Mapepalawo muike m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wopita pansi pa ndege.