Ankaseka Maliro ndi Amene Ankakumba Manda

Mkangano unabuka m'chapa, minibasi ya kuno ku Mozambique, yochokera ku Ulongwe kupita ku Calómuè, pamalire ndi Malawi. Mnyamata wina anatsegula kanema pafoni, wanthabwala wina akunena kuti munthu wachialubino ndi ndalama zoyenda ndi miyendo. Anyamata a mpando wakumbuyo anaseka mpaka kugwira nthiti. Mayi wina amene anapachika dengu la kachewere pamiyendo anangoti, "Zimitsa zimenezo mwanawe, mwana wa mng'ono wanga ndi wotero." Mnyamatayo anayankha mwaulemu ndithu kuti, "Ndi zocheza chabe amayi. Kodi Achewafe chipongwe tayamba lero?"

Sananame mnyamatayo, chipongwe sitinayambe lero. Koma chipongwe cha makolo chinali ndi eni ake, ndipo mbiri yake ndi yofunika kuikumbuka tisanamunene mayi uja kuti ndi wosachedwa kupsa mtima.

Dziko lino la kumpoto kwa Zambezi, kuyambira Angónia, Tsangano, Macanga mpaka Chifunde, ndi la Achewa kuyambira kalekale. Likulu la Undi linali ku Mano, m'chigawo chino cha Tete, malire asanabwere. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 ndi limene linadula mtundu umodzi, ena n'kukhala a ku Malawi, ena a ku Zambia, ife a kuno. Miyambo ya kuseka sinadulidwe nawo. Msuweni ndi msuweni ku Furancungo ngati mmene alili ku Dedza. Mwana wa amalume ako ukhoza kumunena mphuno, kumulanda chipewa, kumutcha mkazi wako pagulu, iye n'kukubwezera zowawa kuposa pamenepo, wopanda mlandu. Agogo aamuna amatcha mdzukulu wawo wamkazi kuti "mkazi wanga", mudzi wonse n'kuseka. Koma mkamwini yemweyo amene wasekedwa ndi asuweni m'mawa, akaona apongozi akubwera m'njira amapatukira kutchire. Mawu amodzimodzi, kwa uyu ndi nthabwala, kwa uyo ndi nkhuku ya chindapusa.

Pamene pamaonekera bwino nkhaniyi ndi pamaliro. Ndili mnyamata, pamudzi pathu panamwalira mkulu wina wodziwika ndi kuumira. Azimayi ali m'kati molira, mdzukulu mmodzi anatulukira atavala jekete la malemuyo, akuyenda motsimphina ngati mwini wake, n'kumawerenga timakobidi m'manja mobisa, akutembenukira kukhoma kuti wina asaone. Mkazi wamasiye, maso ali psuu, anaseka osafuna. Palibe anadzudzula. Munthu ameneyo anali atadzuka mbandakucha kukakumba manda, dothi lofiira lidakali m'zikhadabo, ndipo ndi iye amene anatsikira m'dzenje kukalandira bokosi. Adzukulu akagwira nkhuku ya pakhomo pamaliro mwini wake sayankhula, chifukwa agwira ntchito imene abale a malemu sangaigwire okha. Ufulu wawo woseka anaugula ndi khasu.

Angoni atabwera ndi mikondo m'zaka za m'ma 1800, gulu la Zwangendaba litawoloka Zambezi cha ku Zumbo mu 1835 ndipo a Maseko atakhazikika cha kuphiri la Domwe, panali magazi ambiri. Dzina loti Angónia likuchokera kwa iwowo. Patapita mibadwo, udani wotere umasanduka chibale chonyozana. Ku Zambia Angoni ndi Abemba, amene anamenyanapo, ali ndi chimbuya: pamaliro a Mngoni, Mbemba amapaka anamfedwa ufa kumaso ndi kuwanena, koma ndi iyenso amene amathandiza kunyamula maliro.

Gule wamkulu ndiye anafika nazo patali. Azungu ndi amishoni atafika, kudambwe kunatuluka Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, kunatulukanso Maliya. Ansembe, kuphatikizapo a kumishoni ngati Lifidzi, ankaletsa akhristu awo kupita kugule, ndipo kukokana kumeneko kunatenga zaka zambiri. Dziko la Mozambique litalandira ufulu pa 25 June 1975, boma la Frelimo nalonso linkaona miyambo yambiri ngati zinthu za mumdima. Gule sanafe, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linamulengeza kuti ndi chuma cha anthu onse, cha Malawi, Mozambique ndi Zambia pamodzi. Chimene ndimaona ine n'chakuti chilombo chinkaseka kwambiri wamphamvu, wonyada, waulesi ndi wachiwerewere, anthu amene akanatha kusintha khalidwe kapena amene sukanawanena nkhope ili poyera.

Anthabwala a papulatifomu tinawadziwira ku Malawi. Nkhondo yapachiweniweni ya kuno imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992 inathamangitsira anthu pafupifupi 1 miliyoni kutsidyako, ambiri a ife tili m'gulu lomwelo, ku Dedza ndi ku Ntcheu. Tinabwerako ndi Izeki ndi Jakobo m'mutu, John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene kwa ine palibe wawaposa mpaka lero. Awiriwo ankachita chisuweni chenicheni: wina akanena mnzake, mnzakeyo anali pomwepo kuti abweze, ndipo wopusa wa lero ankakhala wochenjera wa mawa. Pambuyo pake kunabwera Manganya, Michael Usi, amene mu 2024 anakhala wachiwiri kwa pulezidenti wa Malawi, ndi Winiko, Bon Kalindo, amene anakafika kunyumba ya malamulo. Daliso Chaponda anakaseketsa Angerezi kwawo komwe mpaka kukhala wachitatu pampikisano wa pa TV mu 2017. Sindikunena kuti onsewa sanalakwitsepo mawu.

Kumisasa ya othawa nkhondo kuja tinalawanso mbali inayo ya nthabwala. Ana a sukulu ankatiseka chifukwa chosakaniza mawu a Chipwitikizi ndiponso chifukwa choima pamzere wa ufa. Amene anali abale athu akatiseka tinkabweza, madzulo n'kudyera mbale imodzi. Mlendo akatiseka tinkangowerama, chifukwa tinali pamalo pa eni.

Za alubino n'zolemera kuposa pamenepo. Kuyambira cha m'ma 2014 ndi 2015, ku Malawi ndi kuno ku Tete komwe, anthu achialubino akhala akubedwa, kuphedwa, manda awo kufukulidwa, chifukwa cha bodza loti mafupa awo amalemeretsa. Mawu oti "ndalama" ndi omwewo amene anthu oipa amawakuwiza nawo pamsika. Wanthabwala wa pafoni uja sakumudziwa mwana wa mng'ono wa mayi uja, si msuweni wake, sadzamva yankho lake, ndipo tsoka litagwa sadzabwera ndi khasu.

Zonsezi sindinazinene m'chapa muja. Anayankhula ndi bambo wina wachikulire amene anakhala pafupi ndi dalaivala. Anatembenuka n'kufunsa mnyamatayo kuti, "Iwe, amene akusekedwayo ndi ndani wako?" Mnyamata anayang'ana foni, anayang'ana mayi uja, n'kuilowetsa m'thumba. Titafika pamalire ndi iye amene anawatsitsira mayiwo dengu la kachewere.