Pulojekiti ya chaka chomaliza ndi nyama yanji?

Wophunzira zamakompyuta akangofika chaka chomaliza, foni ya kholo lake siyipuma. Lero ndalama ya bandulo, mawa ya minibasi yopita kukatolera data, kutanthauza uthenga wofunika pa kafukufuku wake. Bambo wina anandipeza pamaliro, titakhala pansi pa mtengo wa mango, n'kundinong'oneza kuti: "Aphunzitsi, pulojekiti imeneyi ndi nyama yanji? Fizi ndinamaliza kulipira kalekale." Pamaliro panalibe mpata woti tikambirane, ndiye ndiwayankhe pano, popeza ntchito yanga ndi kuyang'anira mapulojekiti oterewa.

M'mayunivesite athu, kaya ndi UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, MUST ku Thyolo kapena Mzuni ku Mzuzu, wophunzira zamakompyuta kawirikawiri samaliza digiri ndi mayeso a papepala okha. Amasankha vuto lomwe anthu akukumana nalo, n'kulemba chikalata chofotokoza chimene akufuna kuchita. Akavomerezedwa amapatsidwa mphunzitsi womuyang'anira, kenako amawerenga zimene ena anayesapo kale, kupanga pulogalamu, kuiyesa, ndi kulemba lipoti. Pamapeto pake amaima pamaso pa aphunzitsi angapo n'kuyankha mafunso. Tsiku limenelo ndi limene ana ambiri amavala suti koyamba.

Ophunzira ambiri amabwera kwa ine ndi mawu amodzimodzi: "Sir, ndikufuna kupanga app." Ndimawafunsa kuti ya ndani, ndipo nkhani imathera pomwepo. Kupanga pulogalamu ndi luso lofunika, koma sikufufuza ayi. Kufufuza kumayamba pamene pali funso lomwe yankho lake silikudziwika, loti ukhoza kuyesa n'kupeza kuti unkaganiza molakwika.

Titenge banki m'khonde. Amayi amakumana sabata iliyonse, kugula masheya, kubwerekana ndalama, mlembi n'kumalemba zonse m'kope. Kumapeto kwa chaka, pogawana, mikangano siyisowa: uyu akuti anabweza, kope likuti sanabweze, tsamba lina linanyowa ndi mvula. Wophunzira waulesi amakhala ku hosteli n'kupanga pulogalamu yokongola ya pa foni ya Android, yofuna intaneti, yolembedwa m'Chingerezi. Wophunzira wabwino amayamba wapita kukakhala pamphasa ndi gululo kangapo. Kumeneko amapeza kuti ambiri ali ndi mafoni a mabatani, kuti amene ali ndi foni yaikulu nthawi zina ndi mwamuna wa mlembi, ndipo kuti amayiwo amakhulupirira kope chifukwa aliyense amaliona ndi maso ake. Funso lake limasintha. Sililinso "ndipange bwanji app", koma "kodi membala aliyense atamalandira meseji yotsimikizira ndalama imene wapereka, zolakwika za m'kope zingachepe?" Limenelo ndi funso loyesedwa. Amawerenga zolakwika zimene zinkapezeka kale, n'kuyerekeza ndi zimene zikupezeka pulogalamu itayamba kugwira ntchito.

N'chifukwa chake mapulojekiti ambiri anzeru kuno amatsamira pa meseji ndi USSD, njira ija mumagwiritsa ntchito mukamaimba *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba. Imagwira pa foni iliyonse ndipo siyifuna bandulo. Vuto lake ndi lakuti nambala yeniyeni ya USSD imafuna mgwirizano ndi kampani ya mafoni, ndipo thumba la wophunzira silingakwanitse. Choncho ambiri amayesera pa pulogalamu yongoyerekeza. Palibe cholakwa, bola anene zoona mu lipoti kuti sanayesere pa netiweki yeniyeni.

Maganizo amenewa si achilendo ku Malawi. Pamene bungwe la Baobab linkayamba kuika makompyuta olembera odwala ku Kamuzu Central Hospital mu 2001, linasankha makina ongodina ndi chala pagalasi, osati a kiyibodi, chifukwa ogwira ntchito ambiri anali asanazolowere kutaipa. Anayamba aona kaye manja amene adzagwire chipangizocho.

Masiku ano theka la mitu imene ndimalandira ili ndi AI mkati, luso lophunzitsa kompyuta kuzindikira zinthu ngati munthu. Wina akufuna foni izizindikira ntchemberezandonda pa tsamba la chimanga, wina khate la chinangwa. Mmene zimachitikira ndi motere: kompyuta imaonetsedwa zithunzi zambirimbiri zomwe munthu wazilemba kale kuti ichi ndi chodwala, ichi ndi chabwino, mpaka itagwira kusiyana kwake. Kenako imayesedwa ndi zithunzi zomwe sinazionepo. Apa ndi pamene pali msampha. Mu 2016 akatswiri ena anaphunzitsa kompyuta ndi zithunzi 54,306 za masamba a mbewu za mitundu 14, zochokera ku PlantVillage, ntchito yosonkhanitsa zithunzi za matenda a mbewu. Poyesedwa ndi zithunzi za mtundu womwewo, inakhoza kupitirira 99 peresenti. Atayipatsa zithunzi zojambulidwa kwina, inatsika kufika pafupifupi 31 peresenti. Zithunzi zophunzitsira zija zinali za tsamba lothothola, loikidwa pamalo oyera bwino, pomwe kumunda kuli dothi, mthunzi, udzu ndi dzuwa lothobwa m'maso. Ndiye wophunzira akandiuza monyadira kuti yake ikukhoza 98 peresenti, sindimuombera m'manja msanga. Ndimamufunsa kuti zithunzi zoyesera anazitenga kuti. Akati pa intaneti pomwe anatenga zophunzitsira, ndimamutumiza kumunda ndi foni yake. Ndalama ya minibasi ija imapita kumeneko, bambo.

Mawu awiri kwa inu amene ophunzirawa amakugogoderani: eni magolosale, alembi a magulu, aphunzitsi aakulu, azaumoyo. Muli ndi ufulu wopempha kalata yochokera kusukulu kwawo, wofunsa kuti mayina ndi manambala a anthu anu akasungidwa kuti, ndiponso wokana. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, ndipo wophunzira sapatulidwa. Kope la ngongole za anthu si lojambula ndi foni n'kumaliponya pa gulu la WhatsApp la kalasi. Pa ntchito zambiri mayina safunika n'komwe. Manambala ongopeka m'malo mwa mayina amakwanira.

Pa tsiku loyankha mafunso, chimene chimagwetsa ambiri si pulogalamu kukana kutseguka, ngakhale zimenezo zimachitika ndithu, makamaka magetsi akathima pakati pa chionetsero. Chimawagwetsa ndi funso lakuti: "Mzere uwu wa mu pulogalamu yako ukuchita chiyani?" Amene anagula pulojekiti kwa mnzake, kapena amene anangokopera zonse kwa ChatGPT, pulogalamu ya AI yomwe imalembera munthu zimene waipempha, osazimvetsa, amayamba kuyang'ana kudenga. Pomwe wina amene pulogalamu yake inakanika kumudzi, koma akufotokoza bwino kuti amayi anaisiya chifukwa USSD inkaduka asanamalize kuwerenga, ndi kuti akanachepetsa mafunso kuchoka pa asanu ndi awiri kufika pa atatu, ameneyo ine ndimamupatsa malikisi apamwamba popanda kukayika.

Ndalama yotsiriza imene mudzapemphedwe ndi yosindikizira lipoti ndi kulimanga ngati buku. Musanatumize, muuzeni mwanayo akuonetseni pulogalamuyo pa foni yanu yomwe, osati pa laputopu yake.