Munaphunzira fiziki koma mukugwira ntchito ya uinjiniya? Mayankho kwa anzathu a ku Tete

Mphekesera yoti aliyense wopanda khadi la Ordem dos Engenheiros, bungwe lolembetsa mainjiniya ku Mozambique, achotsedwa ntchito yadzazitsa anthu pakhomo la ofesi ya gulu lathu. Ena akuchokera ku Moatize, ena ku Songo, ena mpaka ku Ulónguè, ndipo ambiri akufunsa zofanana. Tayankha pano kuti musamawononge ndalama za chapa (minibasi).

Kodi gulu lanu ndi nthambi ya Ordem?

Ayi. Ordem dos Engenheiros de Moçambique inakhazikitsidwa ndi lamulo mu 2002 ndipo likulu lake lili ku Maputo. Ife ndife gulu chabe la anthu odzipereka, sitipereka khadi kapena chilolezo chilichonse.

Ndili ndi licenciatura (digiri yoyamba) ya fiziki, koma kwa zaka zambiri ntchito yanga ndi ya magetsi ndi makina. Kodi ndingalembedwe ngati injiniya?

Funso ili ndi limene likutipweteketsa mutu, ndipo tikupemphani muwerenge modekha. Ordem imayamba yayang'ana pepala la sukulu, ndipo pepala lomwe imafuna ndi la maphunziro a uinjiniya. Digiri ya fiziki, ngakhale ya ku Universidade Eduardo Mondlane, imachokera ku mbali ya sayansi. Choncho musaganize kuti zaka zomwe mwakhala mukugwira ntchito zisandutsa pepalalo kukhala la uinjiniya pazokha.

Tikudziwa kuti zimawawa. Pali anzathu amene amamvetsa bwino kayendedwe ka magetsi a ku damu la Cahora Bassa, momwe mphamvu ya makina ake asanu, ma megawati 2,075 onse pamodzi, imasinthidwira ku Songo kuti iyende pa nthambo za makilomita pafupifupi 1,400 mpaka ku siteshoni ya Apollo ku South Africa. Fiziki yeniyeni ndi imeneyo. Koma kudziwa ntchito ndi nkhani ina, kuloledwa kudzitcha injiniya ndi kusaina mapulani ndi nkhani inanso.

Langizo lathu ndi loti mutenge satifiketi yanu pamodzi ndi mndandanda wa maphunziro onse omwe munakhoza, mulembere Ordem kalata, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa. Mawu a pafoni kapena a "ndinamva kwa uje" sadzakuthandizani tsiku lamavuto. Akakukanani, njira yomwe anzathu ena atsata ndi kubwerera kusukulu madzulo kapena nthawi ya tchuthi kukawonjezera digiri ya uinjiniya. M'chigawo muno muli Instituto Superior Politécnico de Tete ndi Instituto Superior Politécnico de Songo. Ngati angakuchotsereni maphunziro ena omwe munachita kale, sukuluyo ndi imene idzagamule. Ife sitingakulonjezeni.

Ndiye abwana angandichotse ntchito?

Zimatengera zomwe zinalembedwa pa kontrato yanu. Ngati munalembedwa ngati tekiniko kapena katswiri woyeza zinthu, khadi la Ordem silinali pa mgwirizano. Ngati palembedwa kuti engenheiro (injiniya), kaonaneni ndi odziwa malamulo a ntchito musanasaine pepala lina lililonse.

Kodi gulu lanu limathandiza chiyani kwenikweni?

Timawerenga mapepala anu musanawatumize, timalumikiza achinyamata ndi akuluakulu omwe angawaphunzitse ntchito, komanso timagawana nkhani za maphunziro afupiafupi.

Ndimagwira ntchito ndi zida za cheza choopsa kumgodi. Khadi la Ordem ndi lokwanira?

Ayi, apa mwini nkhani ndi ANEA, Agência Nacional de Energia Atómica, yomwe imagwiritsa ntchito lamulo la mphamvu ya atomu la 2017. Amene analowapo pamalo otsukira malasha amakadziwa kabokosi kachitsulo kolemera komangiriridwa pa paipi, kokhala ndi chizindikiro chachikasu cha masamba atatu. Mkati mwake nthawi zambiri mumakhala césio-137, chitsulo chotulutsa cheza choopsa, ndipo cheza chake chimadutsa paipiyo kuti chiyeze kulemera kwa matope a malasha oyenda mkatimo. Wogwira ntchito pafupi amapachika kachipangizo pachifuwa cha ovolosi kowerenga cheza chomwe thupi lalandira. Kunena zoona, pa ntchito imeneyi munthu wa fiziki ndi amene ali kwawo, ndipo timadabwa kuti anzathu ambiri amalirira dzina la injiniya n'kusiya khomo ili lili chitsegukire.

Bwanji ndikulipira kwa inu komanso ku Ordem? Mundibwezere ndalama zanga.

Chopereka chathu sichikhudzana ndi quota (chopereka cha umembala) ya Ordem, ndipo risiti yathu imanena zimenezo. Ndalamazo zimapita ku lendi ya chipinda, intaneti ndi kusindikiza mapepala. Amene analipira poganiza kuti akugula khadi la uinjiniya abwere ndi risiti, komiti idzaona nkhani ya munthu aliyense payekha. Sitikunena kuti onse abwezeredwa. Ndipo wina akakuuzani kuti mumupatse kangachepe akufulumizitsireni khadi, ameneyo sitinamutume ife.

Ndinaphunzira ku Malawi. Pepala langa ligwira ntchito kuno?

Anthu a ku Angónia, Tsangano ndi Zóbuè ambiri anaphunzira ku Polytechnic ya ku Blantyre, yomwe tsopano ndi MUBAS. Yambani mwatenga equivalência, pepala lovomereza maphunziro akunja, ku boma la Mozambique, kenako mupite ku Ordem. Kulembedwa ku Malawi Engineering Institution sikukupatsani chilolezo cha kuno, ngakhale mutagwira ntchito pa nthambo za magetsi zochokera ku Matambo kuno ku Tete kupita ku Phombeya ku Malawi.

Nanga mabungwe akunja?

Alipo omwe anaganizira anthu ngati ife. Institute of Physics ya ku Britain imatha kupereka ulemu wa Chartered Physicist komanso wa Chartered Engineer, ndipo South African Institute of Physics, yomwe inayamba mu 1955, ili ndi kaundula wa akatswiri a fiziki. IEEE, bungwe la padziko lonse la akatswiri a zamagetsi, nayo imalandira anthu a sayansi. Izi zimakometsa CV, koma sizilowa m'malo mwa malamulo a dziko lino, ndipo chopereka chake ndi cha ndalama zakunja.

Chifukwa chiyani misonkhano yonse imachitikira mumzinda wa Tete, m'Chipwitikizi?

Dandaulo ili talimva, ndipo lili ndi mutu. Komiti yambiri imakhala mumzinda ndi ku Moatize, ndalama zoyendera n'zochepa. Anzathu a ku Ulónguè akatipezera chipinda ndi tsiku, tidzabwera, ndipo mafunso adzayankhidwa m'Chichewa.