Musanagule monita ya mafilimu ndi magemu, yambani mwaona kumbuyo kwake

Ambiri amene amandifunsa za monita yoonerapo mafilimu ndi kusewererapo PlayStation kapena Xbox amakhala atakopeka kale ndi manambala a pa bokosi: 240Hz, 1ms, HDR. Manambalawa si abodza, koma opanga amawalemba poganizira munthu wosewera pa kompyuta. Makina a magemu ali ndi malire awoawo, ndipo choti mudziwe ngati monita ikugwirizana nawo chili kumbuyo, pamene pamalowa zingwe.

PlayStation 5 ndi Xbox Series X zimatulutsa chithunzi kudzera pa kabowo ka HDMI basi, zilibe kabowo ka mtundu wina kotchedwa DisplayPort kamene makompyuta amagwiritsa ntchito. Vuto ndi lakuti mamonita ambiri amafika pa liwiro lolembedwa pa bokosi lija pokhapokha mwalumikiza pa DisplayPort, pomwe kabowo kawo ka HDMI n'kamtundu wakale. HDMI 2.0 imanyamula 18 Gbps (muyeso wa kuchuluka kwa deta yodutsa pa sekondi), zokwanira 4K, chithunzi cha timadontho tambiri kwambiri, pa 60Hz. Kuti muone 4K pa 120Hz pamafunika HDMI 2.1, imene imatha kufika 48 Gbps. Ngakhale palembedwe kuti HDMI 2.1, musakhutire msanga, chifukwa malamulo amalola opanga kulemba dzinali ngakhale monita isakuchita zonse za m'gululo. Tsegulani kabuku kake mufufuze mzere wonena mosabisa kuti 4K pa 120Hz ikutheka pa HDMI. Muwerengenso mabowowo. Ngati kalipo kamodzi kokha ndipo muli ndi makina a magemu komanso kabokosi koonera mafilimu, muzikhalira kuzula ndi kubwezera chingwe madzulo alionse.

Hz ndi nambala ya maulendo amene sikirini imasintha chithunzi pa sekondi imodzi. Makina a magemu a masiku ano amalekeza pa 120, ndipo magemu ambiri akuluakulu amayenda pa 30 kapena 60. Mafilimu ambiri amajambulidwa pa 24. Choncho monita ya 240Hz siikuwonjezerani kanthu. Chimene chimathandizadi ndi VRR, njira imene monita imatsatira liwiro la gemu likamakwera ndi kutsika, kuti chithunzi chisaoneke ngati chang'ambika pakati mukatembenuza kamera mwadzidzidzi. Xbox imagwira ndi FreeSync, mtundu wina wa VRR, koma PlayStation 5 imafuna VRR ya HDMI 2.1 yeniyeniyo. Apa ndi pamene eni PlayStation ambiri amakhumudwira atagula kale.

Nanga 4K ndi yofunika kwa aliyense? Ine ndimati ayi. Pa monita ya mainchesi 27, 1440p, imene ili ndi timadontho tochepa kuposa 4K koma tochuluka kuposa 1080p, imaoneka bwino kwambiri, ndipo PlayStation 5 inayamba kuitulutsa mu 2022. Xbox Series S inapangidwira 1440p yomweyo, pomwe Nintendo Switch yoyamba ija siipitirira 1080p. Mukafika pa mainchesi 32, mutakhala pafupi pa desiki, ndi pamene 4K imayamba kuonetsa phindu lake, makamaka pa zilembo zing'onozing'ono. Mamonita otambalala aja a 21:9 (muyeso woyerekeza kutambalala ndi kutalika kwa sikirini) asiyeni. Makina a magemu amatulutsa 16:9, ndiye mbali ziwiri zimangokhala zakuda kapena chithunzi chimakokedwa mpaka nkhope za anthu kufufuma.

Kwa munthu wokonda mafilimu, nkhani yaikulu ndi mtundu wa sikirini, ndipo apa ndimafuna muganizire bwino nthawi imene mumaonera. Sikirini ya IPS ili ndi mitundu yokongola ndipo siisintha mukaionera chammbali, koma kuda kwake n'kofooka: poyera pamawala pafupifupi ka 1000 kuposa pakuda. Masana simungadandaule. Koma zimitsani magetsi muike filimu imene zinthu zikuchitika usiku, mudzaona thambo lomwe limayenera kukhala bii likuoneka lotuwa, m'makona mukuwala pang'ono ngati kuseri kuli nyali. Sikirini ya VA imafika pafupifupi ka 3000, motero mdima umaoneka ngati mdimadi. Chilema chake n'chakuti zinthu zakuda zikamathamanga zimasiya kamthunzi m'mbuyo, ndipo ena zimenezi zimawasowetsa mtendere pa magemu othamanga. OLED imaposa zonsezi chifukwa kadontho kalikonse kamadziyatsa ndi kudzizimitsa kokha. Imadula, komanso zinthu zokhala malo amodzi kwa nthawi yaitali, monga kamapu ka pakona m'gemu, zikhoza kusiya chipsera chosafufutika. Ngati mumaonera kwambiri usiku ndipo OLED simungaikwanitse, ndingakulozereni ku VA. Ngati chipinda chimakhala chowala ndipo mumaonera angapo, ena ali m'mbali, IPS ndiyo yoyenera.

Mawu akuti HDR, njira yopangitsa powala kuwala kwambiri ndi pamdima kuda kwambiri, musawakhulupirire pa okha. Monita yolembedwa DisplayHDR 400 imalandira chithunzi cha HDR, koma nthawi zambiri ilibe mphamvu yowalitsa mbali imodzi kwinaku ina ili yakuda, ndiye chithunzi chimangosuluka. HDR yooneka ndi maso imapezeka pa OLED kapena pa mamonita a mini-LED okhala ndi nyali zambirimbiri zoyaka pazokha. Za 1ms, nthawi imene kadontho ka pa sikirini kamatenga kuti kasinthe mtundu, nazonso musazitengere pamtima. Chofunika kwa wosewera ndi nthawi yapakati pa kudina batani ndi kuona chochitika pa sikirini, ndipo pamenepa mamonita ambiri a magemu amachita bwino.

Chimene anthu amaiwala kawirikawiri ndi mawu. Mamonita ambiri alibe masipika, ndipo amene ali nawo amalira monyozeka, osayenera filimu. PlayStation 5 ndi Xbox Series zilibe kabowo ka optical kotulutsira mawu okha, choncho mawu amayenda ndi chithunzi pa HDMI mpaka mu monita. Onetsetsani kuti monitayo ili ndi kabowo ka 3.5mm kolumikizira masipika. Mukamasewera nokha, mahedifoni mukhoza kuwalowetsa pa kontirola. Rimotinso kawirikawiri sipakhala, ndiye kukweza mawu kapena kusintha HDMI kumafuna kudzuka n'kukapapasa timabatani kuseri kwa sikirini. Ngati mukudziwa kuti muzionera muli pa sofa, mamita awiri kapena atatu kuchokera pa sikirini, gulani TV yokhala ndi Game Mode, njira yochepetsa kuchedwa kwa chithunzi mukadina batani. Monita imayenera munthu wokhala nayo pafupi, moti atatambasula dzanja akhoza kuikhudza.