Wamtima wapachala, kapena ndi matenda?

Ankhoswe a kuno ku Mulanje amaudziwa mlandu uwu. Lero mayi walondola mwamuna wake mpaka ku esiteti kukaona ngati alidi pantchito, mawa wamutayira zovala pabwalo, mkuja akulira kuti akamusiya adzipha. Zimenezi zinayamba asanakwatiwe n'komwe. Achibale amati ndi wamtima wapachala, ena amati anamulodza. Zoti apite ku Zomba Mental palibe amaganizako, poti pa Chitakale amagula ndi kuwerenga chenji bwinobwino.

Achipatalafe vuto lotere timalitcha personality disorder. Ndi kaganizidwe ndi kakhalidwe kamene kanazika mizu kuyambira pa unyamata, ndipo kakuzunza mwiniwake pamodzi ndi okhala naye. Mtundu ndafotokozawu ndi borderline. Amuna nawonso amadwala, kungoti ambiri amathera ku mowa kapena kupolisi. Gwero lake ndi chibadwa chophatikizana ndi zomwe munthu anakumana nazo ali mwana, monga nkhanza ndi kutayidwa.

Kale madokotala ankati vutoli silichoka. Mary Zanarini, wa ku chipatala cha McLean ku America, anatsatira odwala 290 kwa zaka zambiri. Patatha zaka 10, anthu 93 pa 100 aliwonse anali atakhalapo zaka ziwiri matenda atazizira. Koma omwe anafika pogwira ntchito mokhazikika ndi kukhala bwino ndi anzawo anali theka lokha. Kwa ine theka limeneli ndiye nkhani: ukali wa matendawo umachepa msanga, koma kubwezeretsa banja ndi ntchito kumafuna anthu oleza mtima.

Piritsi lochiza borderline kulibe. Chomwe chinaonetsa mphamvu ndi uphungu wapadera wotchedwa DBT, womwe katswiri wa za maganizo Marsha Linehan anasonyeza mu 1991 kuti umachepetsa kudzivulaza. Wodwala amaphunzira kupirira mkwiyo ukamuyaka, osachitapo kanthu nthawi yomweyo.

Kuyambira 2022, buku la matenda la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, lotchedwa ICD-11, linasiya kugawa anthu m'mitundu yambirimbiri. Limafunsa kaye kuti vutolo ndi lalikulu bwanji, pang'ono, pakatikati kapena kwambiri. Izi zatithandiza kumvetsa matenda enanso. Munthu wovutika maganizo amene mankhwala sakumugwira, nthawi zina pansi pake pamakhala vuto la khalidweli.

Wina akanena zodzipha, ngakhale kakhumi, musati akungofuna kuoneka. Mutengereni ku chipatala cha boma pa Mulanje kapena pa Thyolo, mukafunse namwino wa matenda a m'maganizo.